Penti Woyera wa a Burashi

Mumsewu wathu aliyense ankawadziwa kuti a Burashi. Dzinali linabwera chifukwa cha kaburashi kamene kankasuzumira m'thumba la ovolosi yawo, kaya ali pantchito kaya akungopita kukameta. Anali bambo wamfupi wa mapewa otakata, wosafulumira poyenda ndi polankhula pomwe. Nyumba yawo inayang'anizana ndi yanga, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo ndinamuphunzitsa ali wamng'ono.

A Burashi anayamba ngati wopenta wamba, koma atakula pantchito ogulitsa nyumba anawazindikira. Nyumba ikafuna kugulitsidwa ankayamba aitana iwo kuti akaikonze, ogula asanabwere kudzaiona. Kagwiridwe kawo kanali kamodzimodzi. Ankayamba ayenda m'zipinda manja ali kumbuyo, akununkhiza. Kenaka ankatsitsa zithunzi ndi makalendala, kuzula misomali, kutseka mabowo ake, ndi kutulutsa mipando yambiri kuti pabalaza paoneke potakasuka. Makatani olemera ankachotsa n'kuika opyapyala olowetsa kuwala. Pomaliza ankapaka penti woyera khoma lililonse, n'kusiya tebulo limodzi ndi maluwa pang'ono pamwamba pake.

Eni nyumba ena ankadandaula poona zithunzi za ukwati wawo zikulowa m'katoni. A Burashi ankawayankha modekha.

"Wogula safuna kukupezani muno. Akalowa n'kumva kuti muli eni ake, amasanduka mlendo. Mlendo sagula nyumba, amangoyamikira n'kutsanzika."

Sankabisa mng'alu ndi penti asanaukonze, ndipo denga likamadontha ankauza wogula pamaso pa mwini wake. Pa chifukwa ichi anthu ankawakhulupirira.

Koma nyumba yawoyawo inali nkhani ina. Sanaigulirepo penti. Ankaipaka wotsala m'zitini za kuntchito, ndipo poti wotsalayo sankakwana nyumba yonse, chipinda chilichonse chinali ndi mtundu wakewake. Khitchini inali ya yelo, pabalaza panali pa girini, chipinda cha mwana chinali cha pinki wotuwa, ndipo chogona chawo chinali cha buluu amene anamusakaniza kuchokera m'zitini zingapo ali achinyamata. Banjali linazolowera kutchula zipinda ndi mitundu yake. "Kaike ku yelo." "Lumo ndalisiya ku girini." Tsiku lina m'kalasi ndinauza ana kuti alembe zipinda zimene zimapezeka m'nyumba. Anzake analemba khitchini, bafa ndi balaza. Mwana wa a Burashi analemba mwaukhondo kuti buluu, yelo, girini ndi pinki, ndipo anadabwa kwambiri anzake ataseka.

Akazi awo anali telala. Ankasoka mayunifolomu a ana a mumsewu monse, makina awo ali pafupi ndi zenera la ku girini. Anali mayi wa nthabwala, ndipo amuna awo ankawatcha akatswiri, makamaka pakakhala alendo.

"Onani nyumba ya akatswiri," ankatero uku akuluma ulusi. "Kwa eni amapaka ngati chipatala, kwawo ngati nsalu ya zigamba. Tsiku lina mudzatipentereko ngati anthu, bambo a mwana."

"Ndidzapenta, mayi a mwana. Mungosiya kundidetsera khoma."

Apa ankanena za m'kolido. Atelala anali ndi chizolowezi choyenda dzanja lili kukhoma, ndipo manja awo sankatha mafuta a makina. M'kupita kwa zaka munapangika mzere wakuda, wosalala, pa msinkhu wa chiuno chawo, kuchokera pachitseko cha ku buluu mpaka pa cha ku yelo.

Matenda oiwala anawalowa mwakachetechete. Choyamba anasoka malaya a mwana wina n'kutseka mkono. Kenaka anayamba kufunsa funso limodzi kangapo, n'kumaiwala maina a anthu amene anawasokera kuyambira ali makanda. Mawu ambiri anawathawa. Mukawauza kuti apite kukhitchini ankangoima pakati pa nyumba akuyang'ana uku ndi uku. Koma a Burashi akati, "Tiyeni ku yelo, mayi a mwana," dzanja linkapita lokha pa mzere uja, mapazi n'kutsatira. M'nyumba mwawo sankasochera. Ankadziwa pokhala makapu, ankadziwa zenera lovuta kutseka, ndipo madzulo ankakoka makatani a ku girini monga ankachitira kale.

A Burashi anasiya ntchito zambiri kuti aziwasamala, koma nawonso mawondo anali atatha ndi makwerero. Mwana wawo, amene tsopano anali namwino mumzinda wakutali, anabwera n'kukhala nawo pansi.

"Bambo, simungathe nokha. Mukagwa inu, amayi awadzutsa ndani? Tigulitse nyumbayi, mukakhale kwa ine."

Anakana kwa nthawi, koma pomaliza anavomera. Anagwirizana kuti namwinoyo atenge kaye amayi ake akaonane ndi madokotala a kumzinda kuja kwa masabata angapo, kenaka abwerere. Tsiku lonyamuka, atakhazika kale amayi ake m'galimoto, anabwerera pakhonde.

"Musayambe kalikonse, bambo. Tibwere kaye. Ndikufuna amayi akhaleko m'nyumba mwawo masiku omalizawa, azilongedza nafe pang'onopang'ono, atsanzikane nayo. Za ogula tidzaona pambuyo."

"Ndamva, mwananga."

Anamvadi. Koma galimoto itangochoka, nyumba inakhala zii, ndipo kwa nthawi yoyamba a Burashi anayenda m'zipinda zawo manja ali kumbuyo, akununkhiza. Wogulitsa nyumba amene anagwira naye ntchito zaka zambiri anadutsa tsiku lotsatira. Anali munthu wa mimba yaikulu ndi pakamwa posatopa.

"Akulu, iyi ndi nyumba kapena sitolo ya penti?" anafunsa akuseka. "Ndikabweretsa munthu muno n'kumuuza kuti mwini wake ndi a Burashi, mawa ntchito mulibe, inenso ndilibe."

A Burashi anaseka nawo, koma mawuwo anawalasa. Atatsala okha analingalira zinthu zingapo. Fungo la penti linkawapweteka mutu akazi awo, ndiye kunali bwino kupenta iwo kulibe. Kulongedza kukanawasokoneza, ndiye kunali bwino apeze zatha. Ndipo panali lonjezo lija la zaka zonse, loti tsiku lina adzawapentera ngati anthu. Anaganiza kuti akadzalowa n'kuona makoma oyera adzaomba m'manja, n'kunena kuti akatswiri akumbuka kwawo.

Sanagwirepo ntchito yabwino ngati imeneyo. Ndinkawaona m'mawa uliwonse akutulutsa makatoni, mazenera onse ali pululu. Anatsitsa zithunzi za ukwati ndi za mwana atavala yunifolomu ya unamwino. Anazula msomali umene pankakhala tepi yoyezera. Makina osokera anawakulunga m'bulangete n'kuwaika m'kanyumba kosungiramo zipangizo kuseri. Yelo anatha, girini anatha, pinki anatha. Buluu anavuta pang'ono, koma naye anagonja.

Mzere wa m'kolido ndi umene unawatengera nthawi. Anaupaka koyamba, m'mawa mwake unatulukanso, chifukwa mafuta amabowola penti. A Burashi ankadziwa mankhwala ake. Anautsuka ndi sopo ndi madzi otentha, anaukwecha ndi sandipepa, anapaka penti wapansi wotseka mafuta, kenaka woyera pamwamba. Utauma anayendetsa chikhatho pakhomapo ndipo sanamve kanthu. Anakhutira.

Namwino ndi amayi ake anafika masana dzuwa likuwala. A Burashi anali atavala malaya abwino, ataika maluwa patebulo. Anatsegula chitseko n'kuima pambali akumwetulira.

Atelala anafika pakhomo n'kuima. Anayang'ana makoma, anayang'ana makatani opyapyala aja.

"Odi," anatero motsitsa mawu.

"Lowani, mayi a mwana."

Anavula nsapato n'kuziika bwinobwino panja. Analowa monyang'ama, nakhala m'mphepete mwenimweni mwa mpando, chikwama chili pamiyendo.

"Eni ake ali kuti?"

"Eni ake ndi inu. Muno ndi mwanu."

Atelala anaseka ngati amene wamva nthabwala yozolowera. Anayang'ananso kudenga, m'makona ndi m'mphepete mwa mazenera, monga ankachitira kale amuna awo akawatengera kukaona ntchito imene amaliza.

"Mwagwira bwino, akatswiri. Iyi igulidwa msanga. Mukatolera zitini zanu tizipita, ndasiya zosoka kunyumba."

Namwino anatuluka panja. Bambo ake anamutsatira kuseri, kumene anamupeza ataima pafupi ndi makatoni.

"Ndinakupemphani chinthu chimodzi, bambo."

"Ndimati ndiwapeputsire. Ankafuna okha, zaka zonsezi ankanena."

"Ankakusekani chabe. Inu simunadziwe kuti ankakusekani?"

A Burashi anayang'ana manja awo. M'zikhadabo munali mudakali penti woyera.

"Tiwapatse masiku," anatero. "Azolowera."

Sanazolowere. Ankadzuka m'mawa n'kuyala bedi mosamala ngati mlendo, chikwama chili cholongedza pafupi ndi chitseko. Akafuna kuchimbudzi ankanong'oneza mwana wawo kuti akawapemphere kwa eni ake. Kukhitchini sankalowa, ankati si bwino kugwira ziwiya za mayi wina. A Burashi akati, "Tiyeni ku yelo," iwo ankaimirira mokondwa n'kulunjika chitseko chotulukira panja. M'kolido ankayenda pakatikati, manja atawafumbata pachifuwa kuti asadetse khoma la eni.

A Burashi anabweza zithunzi. Anakhomanso msomali wa tepi pamalo pake penipeni. Anatulutsa makina m'bulangete n'kuwaika pafupi ndi zenera. Atelala anawazindikira makinawo nthawi yomweyo, koma nkhope yawo inagwa.

"Mwabweretseranji makina anga kwa eni? Mwayamba kugulitsa zinthu zanga?"

Kuyambira tsiku limenelo ankakhala pafupi ndi makinawo dzanja lili pamwamba pake, akuwalondera.

Tchuthi cha namwino chinatha, ndipo anabwerera kuntchito atanena kuti adzawatenga nyumba ikapeza wogula. A Burashi anapita kusitolo n'kubwera ndi zitini za buluu, woyera ndi wakuda. Anakhala pakhonde akusakaniza, akupaka timizere pa katoni, akudikira kuti tiume, n'kupukusa mutu. Madzulo ena anandikodola.

"Aphunzitsi, inu munkalowa kuchipinda kuja pamene mayi a mwana ankadwala mwendo. Mwa iyi, ndi uti?"

Pakatonipo panali mitundu ya buluu yambirimbiri. Ndinaloza umodzi, kenaka ndinakayika n'kuloza wina.

"Ndi zimenezo," anatero. "Inenso ndikuloza chomwecho. Buluu uja anachokera m'zitini za nyumba zimene zina anazigwetsa kale. Kenaka dzuwa linamudya mbali ya kuzenera, nthunzi inamudya kumwamba. Ndingasakanize penti, koma zaka sindingazithire m'chitini."

Anasankha woyandikira n'kupaka chipinda chogona. Wogulitsa nyumba atabwera n'kuona, anagwira m'chiuno.

"Akulu, mwayamba kubwerera m'mbuyo? Si inu munandiphunzitsa kuti zoyera zokhazokha?"

"Chipinda ichi chisiyeni."

"Nanga ogula akabwera? Mukudziwa lamulo lanu lomwe, eni nyumba amayamba achokapo."

"Mayi a mwana sapita kulikonse. Ndawasuntha kokwanira."

Penti atauma ndi fungo litatha, anawagwira dzanja akazi awo n'kuwalowetsa. Atelala anaima pakati pa chipindacho nthawi yaitali. Anayandikira khoma, anatambasula dzanja, koma analibweza lisanakhudze.

"Ndi wokongola," anatero. "Eni ake asankha bwino. Akufanana ndi wa kwathu, koma wathu uja ndi wozizirira."

A Burashi anangogwedeza mutu. Za yelo ndi girini sanayesenso.

Ogula anabwera angapo. Amene anabwera komaliza anali mnyamata ndi mkazi wake, ongokwatirana kumene, mkaziyo ali woyembekezera. Ankayenda atagwirana zala, akunong'onezana za poika bedi ndi poika kabati. Mnyamatayo ankagogoda makoma ngati akudziwa chimene akumvetsera, ndipo a Burashi anamusonyeza okha pamene paipi ya m'bafa inkavuta. Mkaziyo anatopa, nakhala pabalaza pafupi ndi atelala.

"Nanunso mwabwera kudzaona?" anafunsa atelala.

Mtsikanayo anali atauzidwa kale ndi wogulitsa uja za matenda awo. Anazengereza pang'ono.

"Eya, amayi. Tabwera kudzaona."

"Gulani, mwananga. Anakonza ndi amuna anga, sabisa mng'alu. Ife tangowaperekeza." Anagwira mpendero wa diresi la mtsikanayo n'kuutembenuza. "Anakusokera ndani? Sanasiye pofutukulira. Mwezi wamawa silikukwana ili. Udzabwere kwathu ndidzakukonzere."

"Kwanu ndi kuti, amayi?"

"Si patali. Sungasochere. Ukalowa ndi ku girini, ndi kumene ndimasokera zovala. Ukatsata khoma ufika ku yelo. Anthu amaseka, amati nyumba ya zigamba." Anaseka, maso akuwala. "Koma mwana wanga anakulira momwemo, ndipo sanasowepo chipinda chake."

A Burashi anali ataima pakhomo la kolido, akumva zonse. Mtsikanayo anakweza maso n'kuwayang'ana, kenaka anayang'ana makoma oyera aja, n'kugwira dzanja la atelala.

"Ndidzabwera, amayi," anatero.

Pochoka, wogulitsa nyumba anayamba kupepesa za chipinda cha buluu, akulonjeza kuti chipakidwa choyera asanalowe. Mtsikanayo anamudula.

"Ayi, chisiyeni momwemo. Mudzagona mwana."

Anagula ndi iwowo.

Tsiku losamuka, lole yonyamula katundu inafika m'mawa, namwino akutsogola ndi galimoto yake. Anthu a mumsewu tinatuluka kudzathandiza ndi kudzatsanzika. Amayi ena amene ana awo anavala mayunifolomu a atelala ankapukuta misozi. Atelala okha ndi amene anali osangalala. Anali atavala nsapato kale, chikwama chili m'manja, ndipo makina awo atakwezedwa m'lole anaomba m'manja pang'ono. Analowa m'galimoto asanauzidwe.

Namwino anawerama pazenera.

"Amayi, simufuna kulowanso kamodzi? Kungoyenda m'zipinda, ine ndi inu?"

"Tawavutitsa kokwanira eni ake, mwananga. Uwathokoze."

Nyumba imene analowamo ali mtsikana, imene anaberekeramo ndi kusokeramo zovala moyo wawo wonse, sanaicheukire n'komwe.

A Burashi analowa okha kukatseka mazenera. Chitseko chinali chotsegula, ndipo ndinawaona ataima m'kolido. Anaika chikhatho pakhoma, pa msinkhu wa chiuno cha akazi awo, n'kuyenda nacho pang'onopang'ono kuchokera kuchipinda chogona mpaka kukhitchini. Atafika anacheuka kuyang'ana khomalo. Linali loyera monga analisiyira. Anatuluka, anakhoma, napereka makiyi kwa wogulitsa nyumba uja, amene tsiku limenelo analibe nthabwala.

"Tachedwa, bambo a mwana," anaitana atelala. "Tikupita kwathu tsopano?"

A Burashi anatsegula chitseko cha galimoto n'kukhala pambali pawo.

"Tiyeni, mayi a mwana."

Banja latsopano lija linalowa, ndipo khanda linabadwa. Tsopano likuyenda chogwira makoma, ndipo mayi ake akuti m'kolido mwayamba kale kuda m'munsimu.

Namwino anadutsa mumsewu wathu miyezi ingapo yapitayo, n'kuima pakhomo panga monga amachitira ana amene ndinawaphunzitsa. Anati amayi ake akudya bwino ndipo sakudwaladwala. Nyumba imene akukhala ndi ya lendi, makoma ake ndi oyera, ndipo mwini wake salola kupenta. Bambo ake sanagwirenso burashi, ngakhale kaja ka m'thumba anakasiya m'katoni. Ndi iwo amene amawasambitsa amayi ake, kuwapesa ndi kuwadyetsa, ndipo salola wina kuwathandiza.

Ndinamufunsa ngati anawakhululukira.

"Kalekale, aphunzitsi. Otsala ndi iwowo kuti adzikhululukire okha."

Anati masana aliwonse, dzuwa likapendeka, amayi ake amavala nsapato, kutenga chikwama n'kukhala pafupi ndi chitseko. Amafunsa kuti apita liti kwawo. Poyamba bambo ake ankangotuluka panja. Masiku ano amakoka mpando n'kukhala nawo pomwepo.

"Penti sanaume, mayi a mwana," amatero.

Amayi ake amaseka n'kupukusa mutu. "Akatswiri," amatero, n'kuika chikwama pamiyendo. Ndiye amakhala awiriwo, akudikira.